Makina Afika m'Kalasi, Nanga Mphunzitsi Tamkonzekeretsa?

Makolo ambiri amene ana awo ali m'makalasi oyamba amva kale za kachipangizo kotchedwa tabuleti. Mwana amavala zomvera m'makutu, nakhudza galasi ndi chala, ndipo mawu a m'Chicheŵa amamuuza kuti aŵerenge zinthu kapena alumikize zilembo. Ntchito imeneyi inayamba pang'ono m'chaka cha 2013, pamene mabungwe a VSO ndi onebillion anaiyesa pa sukulu ya Biwi ku Lilongwe, ndipo akatswiri a ku University of Nottingham anapeza kuti ana ogwiritsa ntchito makinawo anapambana anzawo pa masamu. M'chaka cha 2023 Boma linakhazikitsa ndondomeko ya BEFIT, ndi cholinga chakuti makinaŵa afike kwa ana a Sitandade 1 kufikira 4 m'sukulu zonse za pulayimale za Boma, zimene zili pafupifupi 6,000.

Imeneyi ndi nkhani yokoma. Koma ife tikufuna kunenapo za munthu amene dzina lake limabwera kumapeto pa misonkhano yolandirira katundu, ndiye mphunzitsi. Maganizo athu ndi akuti ndalama yophunzitsira mphunzitsi ndi yofunika chimodzimodzi ndi ndalama yogulira makina, ndipo isakhale yoyamba kudulidwa thumba likapereŵera.

Dziko lino linalaŵapo kale kuipa kwa kuyamba ntchito aphunzitsi asanakonzeke. M'chaka cha 1994, pamene maphunziro a pulayimale anakhala aulere, ana anachuluka kuchokera pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Boma linalemba aphunzitsi zikwi zambiri osapita ku koleji, naŵapatsa maphunziro a masabata ochepa chabe. Ndondomeko ya MIITEP, yoŵaphunzitsa ali kale pa ntchito, inayamba m'chaka cha 1997, ndipo panapita zaka kuti mpatawo uchepe. Ana amene anadutsa m'makalasi nthaŵi imeneyo sanabwerere kudzayambiranso.

Tiliponso ndi chitsanzo chabwino. Pologalamu ya pa wailesi ya Tikwere, imene inayamba kumveka m'chaka cha 2008, siinkalankhula kwa ana okha. Mphunzitsi wa pa wailesi ankapempha mphunzitsi wa m'kalasi kuti alembe pa bolodi, aimiritse ana, afunse funso, ndipo ankasiya mpata kuti zimenezo zichitike. Okonza ake anadziŵa kuti wailesi ilibe maso.

Tabuleti nayonso ilibe maso. Imadziŵa kuti mwana wakhudza yankho lolondola, koma siidziŵa ngati wamvetsa kapena wangolota, kapenanso waonera kwa mnzake. Siona mwana amene akuyandikiza galasi pamphuno chifukwa maso ake saona bwino, ngakhale uja amene akungoyang'ana anzake popeza khutu lake silikumva. Oona zimenezi ndi mphunzitsi, ngati anaphunzitsidwa kuyendayenda pakati pa ana m'malo mokhala pakhomo ngati mlonda wa katundu. Ndipo phindu lenileni limadza pamene iye atenga zimene ana achita pa makina nazibweretsa pa bolodi ndi m'kope, kuti mwana amene walumikiza "ma" ndi "la" ndi chala athenso kulemba "mala" ndi pensulo. Luso limeneli silidza pa maphunziro a masiku aŵiri.

Kudina mabatani nkosavuta. Mwana wa zaka 7 amakudziŵa tsiku lomwelo. Ichi ndicho chimachititsa manyazi aphunzitsi ena achikulire, amene agwira choko zaka 25 ndipo safuna kuoneka osadziŵa pamaso pa ana. Munthu wotere ukamuonetsa makina pa chithunzi m'holo yodzaza, amagwedeza mutu mwaulemu, nabwerera kwawo osaŵakhudza. Afunika kuŵagwira ndi manja ake, kulakwitsa pakati pa anzake, ndi kuphunzira zinthu zooneka zazing'ono: kutchaja ndi magetsi a dzuŵa m'nyengo ya mitambo, kupukuta zomvera m'makutu gulu lina lisanazivale, kusinthanitsa magulu m'kalasi la ana 100 popanda kutha nthaŵi yonse pa mzere, ndi kudziŵa wokamuuza chipangizo chikafa.

Malo ophunzitsira tili nawo kale. Makoleji a aphunzitsi, monga a ku Karonga, Kasungu, Lilongwe, Machinga ndi Blantyre, ayenera kutulutsa mphunzitsi amene anaphunzitsapo kalasi ndi makinaŵa asanalandire setifiketi. Kwa amene ali kale pa ntchito, zoni iliyonse ili ndi TDC yake ndi mlangizi wake, amene timamutcha PEA. Kumeneko, pafupi ndi sukulu, ndi kumene aphunzitsi angakumane teremu iliyonse kuuzana zimene zakanika. Njira yotenga munthu mmodzi kupita naye ku hotela ya kunyanja kuti akaphunzitse anzake pobwera ife sitiikhulupirira kwenikweni. Uthenga ukadutsa pakamwa pa anthu anayi umafika utaonda, ndipo wophunzitsidwayo akasamutsidwa, nzeru zonse zimakwera naye lole.

Pali mbali inanso imene siifuna tabuleti ya Boma. Aphunzitsi ambiri ali ndi lamya za m'manja, ndipo amatumizirana mapulani a phunziro ndi mafunso a mayeso pa WhatsApp. Pamene sukulu zinatsekedwa mu March 2020 chifukwa cha mliri wa Covid-19, wailesi ndi lamya ndizo zinatsala. Koma si zonse za pa intaneti zili zoona kapena zogwirizana ndi silabasi yokonzedwa ku Domasi, ndipo mphunzitsi ayenera kuphunzira kupeta asanapereke kwa ana. Tisaiŵalenso kuti bandulo amagula ndi malipiro ake omwe, amene mchere ndi sopo zikuŵadikira.

Inu a komiti ya sukulu ndi a bungwe la makolo ndi aphunzitsi, makina akafika pa sukulu yanu musangofunsa za loko wa pa chitseko. Funsaninso a hedimasitala kuti ndi aphunzitsi angati amene aphunzitsidwa, anaphunzira masiku angati, ndipo adzakumananso liti ku TDC.