Bungwe lilankhule za ndale, koma lisagulidwe ndi chipani

Alimi anzathu, m'misonkhano ya m'makalabu funso ili limabwera kawirikawiri: kodi bungwe la alimi kapena la anthu apantchito lili ndi gawo pa ndale? Ena amati ife tingolima, ndale tiwasiyire eni ake. Ife tikuti ayi. Mtengo wa feteleza ndi ndale. Tsiku lotsegulira misika ya ADMARC ndi ndale. Mtengo wa fodya ku okushoni, malamulo a malo, msewu wopita kumsika, zonsezi zimagamulidwa ndi anthu amene timawavotera. Bungwe lokhala chete pa nkhani zotere ndi khasu lopanda mpini.

Mbiri ya dziko lathu ikutichitira umboni. Pa 6 Epulo 1992, a Chakufwa Chihana, amene anali mlembi wamkulu wa mgwirizano wa mabungwe a anthu apantchito kuno kumwera kwa Africa, anamangidwa atangotsika ndege ku Lilongwe chifukwa chofuna ulamuliro wa zipani zambiri. Mwezi wotsatira ogwira ntchito pa fakitale ya nsalu ya David Whitehead ku Blantyre ananyanyala ntchito, ndipo moto wa sitalaka unafalikira kwina. Pamodzi ndi kalata ya mabishopu a Katolika ya mwezi wa Malichi chaka chomwecho, izi zinatsegula njira ya riferendamu ya pa 14 Juni 1993. Ufulu umene tikusonkhana nawo lero popanda mantha unabwera chifukwa anthu wamba ogwirizana analowerera pa ndale.

Koma mbiri yomweyo ili ndi chenjezo. A Chihana anatsogolera chipani cha AFORD, chimene chinapeza mipando 36 pa chisankho cha 1994, ndipo analowa m'boma ngati wachiwiri kwa wachiwiri kwa pulezidenti. Mu 2002 anagwirizana ndi maganizo ochotsa malire a nthawi yolamulira ya pulezidenti, ngakhale bilu yake inagwa m'Nyumba ya Malamulo. Pofika chisankho cha 2004 chipanicho chinatsala ndi mipando 6. Kulimba mtima kwawo mu 1992 sitingakuiwale, komabe anthu anaona kuti mawu a mtsogoleri amasintha akakhala pa mpando wonona.

Kwa anansi athu ku Zambia phunziro lake ndi lowawa koposa. A Frederick Chiluba anatsogolera mgwirizano wa mabungwe a anthu apantchito wa ZCTU kuyambira 1974, ndipo boma la a Kenneth Kaunda linawatsekera m'ndende mu 1981. Mu 1991 ogwira ntchito anawanyamula pamapewa mpaka anakhala pulezidenti. Boma lawo linagulitsa makampani aboma, kuphatikizapo migodi ya kopa, ndipo anthu zikwizikwi anachotsedwa ntchito. Mabungwe amene anawakweza anavutika kudzudzula, pakuti wolamulayo anali mwana wa m'nyumba mwawo. Mu 2001 anafunanso kulamulira kachitatu, mpaka mipingo, maloya ndi mabungwe ena anawakaniza. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Tikuphunzirapo chiyani? Mphamvu ya bungwe siili mwa munthu mmodzi, ngakhale akhale wodziwa kulankhula chotani. Bungwe likasanduka makwerero a mtsogoleri, iye akafika pamwamba makwererowo amawasiya pansi. Zimene zimakhalitsa ndi malamulo opindulira anthu. Kale mlimi wamng'ono sankaloledwa kulima fodya wa bale, anali wa eni maesiteti okha, mpaka lamulo linayamba kufewa mu 1990. Matenanti ankagwira ntchito chaka chonse ndi ana awo, n'kutuluka pa esiteti ali ndi ngongole. Mabungwe awo analira kwa zaka zambiri, maboma akusinthana, mpaka mu 2021 Nyumba ya Malamulo inathetsa mchitidwewu. Kupambana kumeneku sikunafune kuti mtsogoleri wina akhale nduna. Kunafuna khama ndi umodzi.

N'chifukwa chake tikupempha makalabu ndi nthambi zonse kuti zikambirane mfundo izi msonkhano waukulu wa pachaka usanafike. Choyamba, mtsogoleri wofuna kupikisana nawo pa mpando wa ukhansala kapena uphungu ali ndi ufulu wotero, koma ayambe watula pansi udindo wake m'bungwe. Chachiwiri, malamulo athu aike malire a nthawi ya utsogoleri, ndipo chisankho chizichitika pa nthawi yake. Sitingadzudzule andale okakamira mipando ife tikuchita zomwezo. Chachitatu, ndalama za umembala ndi thandizo lililonse lochokera kunja ziziwerengedwa pamaso pa onse. Wolandira envelopu mumdima sangalankhule masana. Chachinayi, nsalu ndi malaya a zipani zizitsala kunyumba pa tsiku la msonkhano wa bungwe. Chachisanu, amayi, amene amagwira ntchito yaikulu kumunda, akhale m'mipando yeniyeni, osati yongophika nsima ya alendo.

Tisaiwalenso abale athu ogwira ntchito m'minda ya tiyi ku Thyolo ndi Mulanje, m'minda ya nzimbe ku Nchalo ndi Dwangwa, ndi m'matauni. Malipiro awo akachepa, chimanga ndi mtedza wathu zimasowa wogula pa mtengo wabwino. Boma litatseka ADMARC mu 2022, ogwira ntchito anataya ntchito ndipo ife tinatsala m'manja mwa mavenda ndi masikelo awo. Vuto lawo ndi lathu. Chala chimodzi sichiswa nsabwe. Ndipo ngati tikufuna chilungamo kwa ogula mbewu, nafenso tiwalipire mwachilungamo aganyu amene amatipalira m'munda.

Chisankho cha pa 16 Seputembala 2025 chinapita, malonjezo anatsala. Ntchito yathu ndi kuwalemba ndi kupita nawo kwa phungu aliyense, wa chipani chilichonse, kumufunsa kuti afika pati. Wochita bwino timuyamikire poyera, wolephera timudzudzule poyera. Tingathe kutero pokhapokha ngati atsogoleri athu alibe ngongole kwa wandale aliyense.