Kiyibodi yosalira malaiti akapita, ife sitiifuna

Chaka chatha mu Okutobala, patchalitchi china cha kumbali ya kwa Tembwe ku Chama, kwaya inali pakati pa nyimbo ya chopereka pamene jenseti inatsokomola kawiri ndi kukuwa mwamphamvu. Fungo la waya wopsa linadzaza m'tchalitchi, kiyibodi n'kukhala chete. Inali itagwira nchito miyezi isanu chabe. Ndalama zogulira zinachokera ku mpunga umene amayi a mumpingo analima, kupuntha ndi kugulitsa okha. Lero ili kuseri kwa guwa, yofunditsidwa chitenje ngati maliro amene abale ake sanafike.

Ife amene timaliza malimba m'makwaya ndi m'maukwati a ku Chama, ena tili komweko, ena tinabwera ku Chipata ndi ku Lusaka kusukulu ndi kuganyu. Tikakhala ndi anzathu a m'tauni timamva mkangano umodzi umodzi: piyano yatsopano yoimbira pasiteji ikhale ndi chiyani? Wina afuna sikirini yaikulu ngati ya foni. Wina afuna mawu a piyano ya mu holo ya ku Vienna. Wina akuti ikangokhala yofiira, ya Nord, basi wafika. Anzathu, mkangano umenewu si wathu. Tinaubwereka kwa anthu amene malaiti sawathawa, ndipo tikuuvala ngati jekete la salaula losatikwana.

Choyamba ndi moto. Mapiyano akuluakulu a pasiteji amafuna soketi ya pakhoma, ndipo midzi yambiri ya ku Chama waya wa ZESCO sunafikeko. Kumene kuli moto ndi batire ya sola ya 12V, imene imatchaja mafoni a mudzi wonse. Tifuna piyano yolumikiza ku batire imeneyo mwachindunji, popanda inveta, popanda jenseti. Wina asatiuze kuti n'zosatheka. Casio inapanga kale PX-S1100, ya makiyi 88 olemera ngati a piyano yeniyeni, ndipo imalira ndi mabatire 6 a AA, aja a mutochi. Ngati iwo anakwanitsa, ena akulephera chiyani? Tifunanso fyuzi yoonekera, yoti moto ukalumpha ipse ndi iyo, munthu n'kuisintha ndi ndalama ya mtolo wa repu, osati bolodi yonse ya m'kati.

Inu a mu Lusaka musaone ngati iyi ndi nkhani ya kumudzi. Mu 2024 madzi atachepa ku Kariba, mu Matero ndi mu Chawama malaiti anali kubwera maola atatu patsiku, nthawi zina pakati pa usiku. Ndi mapulakatisi angati a kwaya amene anafa chaka chija? Chama inangoyamba kudziwa zimene dziko lonse linaphunzira pambuyo pake.

Chachiwiri ndi fumbi. Pansi pa kiyi iliyonse pali kamphira kamene kamauza makina kuti chala chamenya mwamphamvu bwanji. Fumbi likalowa pamenepo, kiyi imodzi imayamba kukuwa yokha kuposa zinzake, kapena imangoti zii. Aliyense amene analizapo kiyibodi m'chigwa cha Luangwa mu Seputembala akudziwa kiyi yotere. Timaizemba ngati dzenje pamsewu wa ku Lundazi. Onjezani kutentha kwa Okutobala, nyerere, ndi mphemvu zimene zimakonda kufunda kwa m'kati mwa makina. Tifuna piyano yotsekeka bwino, komanso yotseguka ndi sikuludiraiva wamba. Timphira timeneto tigulitsidwe padera. Mnyamata wokonza mafoni pamsika wa pa boma ali ndi manja okwanira nchito imeneyi. Chimene alibe ndi zipangizo ndi pepala losonyeza njira za mawaya. Piyano yofunika kukwera basi kupita ku Lundazi, ku Chipata, kenako makilomita oposa 500 a Great East Road chifukwa cha kiyi imodzi, imeneyo si chida, ndi ngongole.

Pa chifukwa chomwecho sikirini yogwira ndi chala ikhale kwa eni ake. Paukwati wa panja, dzuwa lili pamutu, simuona kanthu pagalasi. Chala cha thukuta sichimvedwa. Tipatseni mabatani oti munthu awapeze osayang'ana.

Chachitatu ndi kulemera. Roland RD-2000 imaposa makilogiramu 21, musanawerenge chikwama ndi miyendo yake. Ku London amaikankha pa timawilo kuchoka m'galimoto kulowa mu holo. Kwathu imakwera pa honda kapena panjinga, yomangidwa ndi mphira, ndipo m'dzinja imawoloka mtsinje pamutu pa munthu. Ikhale yopepuka, ikhale ndi chogwirira, makona ake apirire kugunda.

Koma chimene chimatiwawa koposa si waya kapena fumbi. Ndi zimene makinawa achita ku nyimbo zathu, ife tikuyang'ana. Kwathu nyimbo imayamba ndi munthu. Mayi mmodzi amaiponya pa mawu amene ali pakhosi pake tsiku limenelo, ena n'kuilandira. Mawu akewo nthawi zambiri amagwera pakati pa makiyi awiri. Woliza kiyibodi amatani? Amamuimitsa, kumupatsa kiyi, mayi wa zaka 60 n'kuyambanso mwamanyazi pamaso pa mpingo. Chonsecho makina onsewa amatha kukwezedwa kapena kutsitsidwa pang'ono pang'ono. Kungoti anakubisa m'kati mwa menyu, kumene sungafikeko nyimbo ili m'kamwa. Tifuna chopotokola chimodzi chachikulu pamwamba, choti limba litsate woimba, osati woimba atsate limba.

Ng'oma nazo chimodzimodzi. Pitani ku Kwenje kwa Mfumu Kambombo mukamve m'mene Asenga amaombera m'manja: ena katatu, ena kawiri, pa nthawi imodzi, ndipo zimalukana bwino. Ndiye mverani nyimbo yomweyo ikalowa m'tchalitchi cha kiyibodi. Mnyamata amasankha biti ya m'makina yowerenga zinayi zinayi, nyimbo n'kuwongoledwa ngati nzimbe mpaka kukoma konse kutha. Agogo amasiya kuomba m'manja chifukwa sakupeza polowera. Ife timati taika nyimbo pa chizungu, pamene taithyola msana.

Opanga malimba amadziwa kumvera akafuna. Yamaha inapangira Aluya mtundu wa PSR-A, wokhala ndi mabatani osinthira mawu kuti agwirizane ndi maimbidwe ao. Inapangira Amwenye PSR-I500, yokhala ndi tabla m'kati. Ife sitikupempha kuti munthu wa ku Hamamatsu atiphunzire ng'oma za kwa Chikwa; akaziphika yekha zidzatuluka zosalawika. Tikupempha khomo lotseguka: tijambule ng'oma zathu, kalimba wathu ndi manja a amayi athu pafoni, tiziike m'piyano mosavuta, ndipo liwiro lake lizitsata phazi la woliza.

Tikudziwa zimene ena anena. Ati, msika wanu ndi waung'ono, palibe kampani idzakumverani. Yang'anani foni ili m'thumba mwanu. Tecno ndi itel zinadzaza Africa chifukwa opanga ake anaona zimene ena ananyoza: malo a masimu awiri, batire yokhalitsa, kamera yojambula bwino khungu lakuda. Werengani matchalitchi kuchoka ku Chama kudutsa Lundazi, Mzimba, Kasungu mpaka ku Tete. Lililonse lili ndi kwaya, ndipo kwaya iliyonse ikusonkha ndalama ya kiyibodi kapena ikulira imene inapsa. Umenewo ndi msika waung'ono?

Ena ati, mukufuna chidole, woimba weniweni amafuna mawu apamwamba. Makutu tili nawo ifenso, ndipo piyano yolira bwino timaidziwa. Sitinanene kuti mawu achepe. Tikuti mawu okoma a m'makina ozima sanamvedwepo ndi munthu. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo.

Mlandu wina ndi wathu. Mpingo ukatuma munthu kukagula kiyibodi, umatuma ife achinyamata, chifukwa amati ndife odziwa. Timafika mushopu, timaliza makodi awiri, timajambula chithunzi cha pa Facebook, timasankha dzina limene anzathu adzatitamanda nalo. Ya kwa Tembwe ija anaisankha ndi mmodzi wa ife, ndipo tonse tinamuombera m'manja. Palibe anafunsa za moto.

Manje tisinthe mafunso. Musanatulutse ndalama ya mpunga wa amayi, funsani wogulitsa: imalira ndi batire ya 12V? Moto ukalumpha chimapsa ndi chiyani, ndipo chigulidwa zingati? Kiyi ikafa, timphira take muli nato muno mushopu? Ndingaikemo ng'oma zanga? Akayamba kukamba za mawu a ku Vienna, bwezani ndalama m'thumba. Ogulitsa akamva mafunso amenewa kwa anthu khumi, adzawatumiza kwa amene amawapatsa katundu. Inunso amene mukuphunzira zamagetsi ku UNZA, ku CBU ndi m'masukulu a ntchito zamanja, kabokosi koteteza kiyibodi ku moto wa jenseti si nchito yodikira Japan.

Pa Sabata lija kiyibodi itazima, panapita kanthawi kochepa chabe. Mayi wina kumbuyo anaiponyanso nyimbo pa mawu ake, mnyamata anathamangira ng'oma imene inali itaiwalika pakona, chopereka chinapitirira. Limba limene tifuna ndi loti likanatha kulowa pamenepo osasokoneza munthu.