Nyenyezi Yopanda Dzina

M'sutikesi yachitsulo ya agogo anga aakazi, kwathu ku Chiradzulu, muli mendulo yooneka ngati nyenyezi ya nsonga zisanu ndi imodzi. Kansalu kake kanasuluka, koma ukayang'anitsitsa umaona kuti pakati panali pofiira. Mendulo imeneyi inali ya bambo awo, amene anamenya nawo nkhondo ku Burma, dziko lomwe lero likutchedwa Myanmar, ndipo Angerezi amaitcha Burma Star. Tsiku loyamba kuigwira ndinaitembenuza msanga poganiza kuti kumbuyo kwake ndipezako dzina, koma kunalibe kalikonse. Ndinayesa kuti dzinalo linafufutika ndi zaka, mpaka pamene ndinawerenga kuti Britain inapereka nyenyezi za nkhondo yachiwiri ya dziko lonse osalembapo dzina la munthu, kaya mzungu kaya wakuda, kusiyana ndi mamendulo a nkhondo yoyamba amene ankadindidwa dzina ndi nambala ya msilikali. Kabuku komwe anawapatsa potuluka usilikali, momwe munali nambala yawo, chiswe chinadya kalekale.

Chomwe ndaphunzira pa ulendo wolondola kholo langali n'chakuti wofuna kupeza msilikali wa nthawi ya atsamunda asathamangire kaye ku mapepala a boma. Ayambire pakhonde, m'chilankhulo chomwe msilikaliyo ankalankhula, ndipo achite zimenezi tsopano, ana a asilikaliwo adakalipo. Ndikukhulupiriranso kuti ntchitoyi ikutikhudza ife ophunzira zilankhulo kuposa momwe timaganizira.

Kholo langali linali m'gulu la King's African Rifles, lomwe linakhazikitsidwa m'chaka cha 1902. Mabataliyoni ake awiri oyamba anali a kuno kwathu, ndipo likulu lawo linali ku Zomba. Agogo sadziwa dzina lachingerezilo. Iwo amangoti, "Abambo anali a Keyala." Zinanditengera nthawi kuzindikira kuti Keyala ndi zilembo zitatu zija, K.A.R., zitalowa m'kamwa mwa anthu a kumudzi n'kutulukamo ndi mavawelo ake onse. Chimenechi chinali chizindikiro choyamba chakuti mbiri yomwe ndinkaifuna ili m'mawu omwe timalankhula tsiku ndi tsiku. Liwu loti msilikali lomwe linachokera ku askari la Chiswahili, lomwenso gwero lake ndi Chiarabu. Sajeni, kopolo ndi perete ndi mawu amene analowa m'mudzi pamodzi ndi anthu obwerera ku nkhondo. Nkhondo yoyamba ija makolo athu anaitcha ya chiwaya, kutengera mfuti yolavula zipolopolo mosalekeza, ndipo katswiri wa mbiri Melvin Page analemba buku lake la m'chaka cha 2000 ndi mutu womwewo, The Chiwaya War, atacheza ndi okalamba ambiri m'midzi. Ife tikamva za chiwaya timaganiza za tchipisi. Magule a beni, mganda ndi malipenga amaonetsanso perete wa asilikali, ndipo dzina loti beni linachokera ku liwu la Chingerezi lotanthauza gulu la oimba ndi zitoliro ndi ng'oma. Chinyanja chomwe chinali chilankhulo cholamulira m'mabataliyoni a kuno, kotero kuti akuluakulu a asilikali achizungu ankayenera kuchiphunzira.

Vuto lalikulu la mapepala ndi dzina. Nditafunsa agogo kuti bambo awo anali yani, anandipatsa mayina atatu: la ubwana, lomwe analandira ku chinamwali, ndi lachikhristu lomwe anabatizidwa nalo atabwera kale ku nkhondo. Nditafunsa kuti ku Zomba analembetsa liti, anaseka.

"Mwanawe, ine ndinali ndisanabadwe. Amayi ankati kumeneko ankawaitana dzina lina, la anzawo a ku Keyala."

Ndiye kuti mayina ndi anayi, ndipo lachinayilo, lomwe mwina ndi lokhalo lili m'kaundula, palibe akulikumbukira. Ngakhale litapezeka, kalembedwe kake kangakhale nkhani ina. Tonse amene tinaphunzira za kamvekedwe ka mawu tikudziwa kuti m'Chichewa l ndi r sasiyanitsa tanthauzo, koma kalaliki wozolowera Chingerezi amawamva ngati zilembo ziwiri zosiyana. Samvanso mpweya umene umasiyanitsa p ndi ph kapena t ndi th. Dzina limodzi likhoza kulembedwa Saidi, Sayidi kapena Said, ndipo Useni wa kumudzi akhoza kukhala Hussein papepala. Chiwongo, chomwe kwa ife ndicho chimasonyeza kumene munthu akuchokera, sichinali ndi malo ake pa fomu. Kwa asilikali munthu anali nambala, ndipo banja likataya nambalayo lataya kiyi wa chitseko. Munthu wodziwa momwe mayina athu amasinthira akamadutsa m'khutu la mlendo ndi yekhayo angathe kuganiza kuti dzina lachilendo lomwe lili pamndandanda ndi la agogo ake.

Komanso mapepalawo si onse alipo. M'chaka cha 1919 moto unatentha maofesi a boma ku Zomba ndipo zikalata zambiri za zaka zoyambirira za utsamunda zinapsa. Ena mwa anthu athu sanalembedwe n'komwe. Pa nkhondo yoyamba, anthu a ku Nyasaland pafupifupi 200,000 anagwira ntchito ya mtengatenga, kusenza chakudya ndi zida za asilikali mtunda wautali, ambiri a iwo mokakamizidwa, ndipo ochuluka anafera m'njira ndi njala ndi matenda. M'chaka cha 2021 bungwe losamalira manda a asilikali la Commonwealth War Graves Commission linavomereza kuti anthu osachepera 116,000, mwinanso mpaka 350,000, makamaka a ku Africa ndi ku Middle East, amene anafa pa nkhondoyo sanakumbukiridwe ndi mayina awo, pamene mzungu aliyense anayesetsa kumulemba dzina pamwala. Choncho amene kholo lake linali la mtengatenga akadikira pepala, adikira mpaka kalekale.

Wina anganene kuti nkhani za pakamwa n'zosadalirika, ndipo sindingamutsutse kotheratu. Agogo amati bambo awo anakamenyana ndi Hitler ku Burma, chonsecho kumeneko adani anali Majapani. Amatinso anakhalako zaka khumi, zomwe sizingatheke. Koma m'nkhani zomwezo muli zina zimene mabuku amazitsimikizira. Amanena za ulendo wa pa sitima ya pamadzi pa nyanja yosaoneka tsidya, za mvula yosakata masabata ambiri, za misundu yolowa m'nsapato ndi malungo amene anagwetsa anthu ambiri kuposa zipolopolo. Gulu lalikulu la 11th East African Division, momwe munali asilikali a kuno, linapita ku Ceylon m'chaka cha 1943, ndipo m'chaka cha 1944 linadutsa m'chigwa cha Kabaw nthawi ya mvula yamphamvu mpaka kukafika pa mtsinje wa Chindwin. Agogo sanamvepo za Kabaw, koma mvula yake akuidziwa. Buku linandipatsa chaka ndi dzina la malo, koma likanakhala lopanda ntchito kwa ine pakanapanda mawu a agogo ondilozera tsamba loti nditsegule.

Pali funso lina lovuta kuposa la mayina. Nditafotokoza za kafukufukuyu m'kalasi, mnzanga wina anandifunsa chifukwa chomwe ndikuvutikira ndi munthu amene anatumikira atsamunda. Funsoli linandilasa, makamaka poti ndine wa ku Chiradzulu, kwawo kwa John Chilembwe. Kumapeto kwa chaka cha 1914, nkhondo ya ku Karonga itachitika kale, Chilembwe analembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times kudandaula kuti anthu akuda akufera nkhondo yomwe si yawo. Ataukira boma mu Januwale 1915, ena mwa amene anatumidwa kukathetsa kuukirako anali asilikali a Keyala. Kholo langa linalowa usilikali zaka zoposa makumi awiri pambuyo pake, komabe linavala yunifomu yomweyo, ndipo sindingabise zimenezi.

Yankho langa ndi lakuti kufufuza munthu sikutanthauza kuvomereza ufumu umene anautumikira. Mnyamata wa m'mudzi wa ku Chiradzulu wa nthawi imeneyo anali ndi msonkho woti alipire, thangata m'minda ya azungu, mfumu yomwe boma linkaiuza kuti ipereke anyamata, kapena ulendo wa ku migodi ya ku Joni. Kusankha pakati pa zimenezi si kusankha kwa munthu womasuka, ngakhale kuti ena analowadi chifukwa chokopeka ndi yunifomu ndi ulemu wake. Ndipo ufumu umenewo sunawayese ofanana ndi anzawo. Zikalata zomwe atolankhani anaulula m'chaka cha 2019 zinaonetsa kuti nkhondo yachiwiri itatha, msilikali wamba wachizungu ankalandira ndalama yothokoza ya mashiling'i 10 pa mwezi uliwonse umene anatumikira, pamene wakuda wa udindo womwewo ankalandira mashiling'i atatu ndi theka. Tikawataya anthu amenewa chifukwa cha manyazi, ndiye kuti tikumaliza ntchito yomwe kalaliki uja anaiyamba. Dziko lomwe limakumbukira Chilembwe pa 15 Januwale n'kukaikanso nkhata za maluwa pa chipilala cha asilikali ku Zomba mu Novembala liyenera kukhala ndi mtima wotha kusunga nkhani ziwirizi pamodzi. Ndi imodzi mwa mabataliyoni omwewanso imene inabala Malawi Rifles m'chaka cha 1964.

Chomwe chimandidetsa nkhawa ndi nthawi. Amene anamenya nkhondo ya ku Burma atsala owerengeka, ndipo ana awo, monga agogo anga, apitirira zaka makumi asanu ndi awiri. Chaka chilichonse ophunzira a chaka chomaliza timatumidwa kukatolera miyambi, nthano ndi nyimbo za maukwati, zomwe n'zabwino, koma sindikuona chifukwa chomwe sitingatolererenso mayina onse a msilikali mmodzi, mawu a ku Keyala amene anatsalira m'banja, ndi nyimbo zomwe ankaimba akaledzera. Foni ya m'manja ndi yokwanira kujambula zonsezi. Tikatero, tsiku lomwe tidzapite ku National Archives ku Zomba tidzakhala tikudziwa chimene tikufuna.

Ine dzina lachinayi lija sindinalipeze. Koma pa tchuthi chapitachi agogo anakumbukira kuti bambo awo anapita ku Zomba pamodzi ndi mnzawo wa m'mudzi woyandikana nawo, ndipo mwana wa mnzawoyo adakali moyo, ngakhale kuti maso anasiya kuona. Akuti bambo ake ankakonda kutchula anzawo a ku Burma ndi mayina a ku Keyala. Ndinapempha agogo kuti andiperekeze.

"Tidzapita tikakolola," anatero. "Koma udzatenge shuga, kumeneko sapita chimanjamanja."