Wophunzira asamadzichongere yekha

Akamaliza kuphunzitsa za kafufuzidwe ka nkhani ndi mabuku, aphunzitsi ambiri m'makoleji amagawa kapepala ka mafunso. "Kodi mukudzidalira kuti mungazindikire nkhani yabodza pa intaneti?" Wophunzira amachonga kuti inde, kwambiri. Mayankho amawonkhetsedwa, lipoti limalembedwa, akuluakulu n'kusangalala kuti maphunziro aphula kanthu. Uku n'kudzinamiza, ndipo kuyenera kutha.

Mu 1999, David Dunning ndi Justin Kruger a ku yunivesite ya Cornell analembetsa ophunzira mayeso, kenako anawafunsa mmene akuonera kuti akhoza. Amene anatsalira kumchira ndiwo anadziyika patali kwambiri ndi pamene analidi. Sikuti ankanama dala ayi. Nzeru zimene munthu amakhozera nazo ndi zomwezo zimene amaonera kuti walakwitsa, ndiye wopanda nzeruzo cholakwa chake sachiona. Paja akulu anati ndadziwakale anamanga nyumba yopanda khomo.

Mu 2016, gulu la Sam Wineburg ku Stanford linayesa ophunzira 7,804 a ku America. Mwa achichepere amene anaonetsedwa tsamba lankhani, oposa 80 pa 100 alionse anatenga malonda ngati nkhani yeniyeni, chonsecho pamwamba pake panalembedwa kuti ndi zolipiridwa. Amenewatu ndi ana okulira foni kumanja. Kuthamanga kwa chala kwatipusitsa tonse, makolo ndi aphunzitsi omwe.

Ena amati kudzidalira n'kofunika, chifukwa wamantha sayerekeza n'komwe kufufuza. N'zoona. Koma wamanthayo amakafunsa kwa woyang'anira laibulale, pamene wodzidalira pachabe amangotumiza bodzalo ku gulu la WhatsApp la kumpingo.

Mukafuna kudziwa luso la wophunzira, mpatseni uthenga wonena kuti kwapezeka ntchito, wokhala ndi chidindo cha boma, koma ukupempha K5,000 yolembetsera. Muimirire kumbuyo kwake kwa mphindi 10. Kodi akungoyang'anitsitsa chidindocho, kapena watsegula tsamba lina kuti aone amene walengeza ntchitoyo? Wineburg anapeza kuti akatswiri otsimikiza nkhani sachedwa patsamba losadziwika: amatulukapo msanga kukaona zimene ena akunena za eni ake.

Kapepala kaja musakataye. Kayikeni pambali pa zimene mwaona ndi maso anu. Amene anachonga kuti "kwambiri" koma anali wokonzeka kutumiza K5,000 ija, ameneyo ndiye muyambe naye Lolemba.