Lekani kusenda motoka yanu ndi mashini

Pa car wash zambili m'Lusaka, kaya m'mbali mwa Great East Road, ku Kamwala kapena ku Matero, ukangoimika motoka funso limabwela: "Tiikeko na buffing, boss?" Ambili timavomela, cifukwa motoka ikacoka pamenepo imanyezimila monga yatuluka kumene mu showroom. Ine nditi tiyambe kukana. Buffing ya mashini imene yasanduka cizolowezi ca kumapeto kwa mwezi ikufupikitsa moyo wa penti, ndipo tikulipila tokha kuti ationongele katundu wathu.

Tiyambe ndi penti yeniyeniyo. Pa mamotoka ambili a masiku ano, pamwamba pa citsulo pamakhala primer, kenako penti ya mtundu, ndiyeno pamwamba penipeni clear coat, imene ilibe mtundu koma ndiyo imanyezimila. Zonsezi pamodzi, zikacoka ku fakitale, zimakhala ma micron 100 mpaka 150. Micron imodzi ndi milimita yogawidwa ka 1,000. Clear coat payokha imakhala ma micron 40 kapena 50 cabe. Pepa la mu printer limakwana ma micron pafupifupi 100. Ndiye kuti cimene cimateteza mtundu wa motoka yanu ndi copyapyala ngati theka la pepa, ndipo sicimela monga tsitsi. Cikacoka, cacoka.

Pa mseu timasakaniza zinthu ziwili zosiyana. Polishi ndi compound zili ndi tumcenga tosaoneka ndi maso, ndipo nchito yake ndi kupala. Mashini siitseka zokandika. Imadya clear coat yozungulila cokandikaco mpaka pofika pansi pake, malo onse n'kukhala osalala. Kunyezimila kumene mumaona pambuyo pa buffing ndi clear coat ya mkati imene yavundukulidwa, ya pamwamba yatsala pa siponji. Wakisi ndi wina. Wakisi weniweni sapala ciliconse, amangokhala pamwamba monga mafuta pa khungu, kuteteza ku madzi, ku fumbi ndi ku zitosi za mbalame. Wina amapangidwa kucokela ku carnauba, phula la pa masamba a mtengo wa mtundu wa kanjedza wa ku Brazil, wina ndi wa mankhwala a mu fakitale. Amatha pakapita milungu kapena miyezi yocepa, mumapakanso, penti osataya kanthu. Kupaka wakisi sikufuna mashini. Dzanja, kasiponji ndi nsalu yoyela zakwana.

Manje onani zimene anyamata ambili amapatsidwa kuti agwilitsile nchito. Mashini yopangidwila kupolisha, imene amati rotary, imazungulila ka 600 mpaka 3,000 pa mphindi, ndipo nayonso imafuna munthu wophunzila. Grinder yodulila zitsulo imazungulila kupitilila ka 10,000 pa mphindi. Wina akamangilila siponji pa grinder n'kuiika pa boneti imene yakhala pa dzuwa la October, penti imatentha m'kanthawi kocepa. M'mphepete mwa zitseko ndi m'mizela yakuthwa ya boneti, mmene penti imakhala yocepa kale, ndi mmene mumayamba kuoneka primer. Ngakhale penti isapse, rotary m'manja mwa wosadziwa imasiya tumizela tozungulila. Tsiku limenelo simutuona cifukwa mafuta a mu polishi amatubisa. Capani kawili katatu, muimike motoka yakuda pa dzuwa, mudzatuona. Ndiye mumabwelela ku car wash, amakuuzani kuti mankhwala ake ndi buffing ina.

Kumbukilaninso mamotoka amene timayendetsa. Vitz, Corolla, Allion ndi Mark X zambili zinabwela kucokela ku Japan zitagwila kale nchito, kudzela ku Dar es Salaam ndi Nakonde, zina zili ndi zaka zopitilila khumi. Palibe amene anakuuzani kuti inapolishidwa kangati isanakwele sitima, kapena kuti ndi citseko citi cimene cinapentedwanso. Lusaka ili pamtunda wa mamita opitilila 1,200 kucokela pa nyanja yamcele, dzuwa lake ndi laukali, ndipo mankhwala otsekeleza kuwala kwa UV ali mu clear coat momwemo. Mukaicepetsa, mwacepetsa citetezo. Mapeto ake timawaona tsiku lililonse pa mseu: denga ndi boneti zoyela mbuu, zikusendeka monga khungu la njoka. Pamenepo palibe wakisi kapena polishi yothandiza. Mupita kwa spray painter, mulipila ndalama zambili kupambana buffing zonse zimene munacitapo, mtundu nthawi zina sugwilizana ndi zitseko, ndipo tsiku logulitsa wogula akaona boneti yopentedwa amayamba kufunsa za ngozi n'kutsitsa mtengo.

Ena adzati ndikudana ndi citukuko, kuti dzanja ndi locedwa ndipo silicotsa zokandika. Pa kucedwa akunena zoona, ndipo penti imene yazilala kwambili, mashini imaikonza bwino kupambana dzanja. Koma munthu wodziwa nchito imeneyi amayamba ndi kupima penti ndi kacipangizo koonetsa ma micron, amamata tepu m'mphepete, amayesa pa malo ang'ono ndi polishi yofewa, ndipo kambili amasankha mashini ya dual action, imene imagwedeza siponji uku ikuzungulila kuti isatenthe malo amodzi. Imeneyi ndi nchito ya kamodzi pa zaka zingapo. Dokotala sang'amba munthu mwezi uliwonse cifukwa cakuti opaleshoni yoyamba inayenda bwino. Ndipo cokandika cimene cikhadabo cimakodwamo nthawi zambili cimakhala capyola kale clear coat. Amene akulonjezani kucicotsa ndi buffing akulonjezani kusenda penti yonse yozungulila.

Ena adzati ndikulanda nsima pakamwa pa anyamata a pa car wash. Funsani amene amadulidwa malipilo penti ya kasitomala ikapsa. Si mwini car wash amene anagula mashini yochipa n'kuipatsa mnyamata popanda kumuphunzitsa. Wakisi wa pamanja ndi nchito imene imabwelanso pakapita miyezi iwili kapena itatu, kasitomala yemweyo, popanda mlandu. Siifuna malaiti. Mu 2024, madzi atacepa ku Kariba ndipo load shedding n'kumatenga mbali yaikulu ya tsiku, wa mashini anali kudikila kapena kuwotca mafuta mu jenereta, wa siponji anali kugwila nchito. Mnyamata amene amauza kasitomala kuti "ba boss, iyi siifuna buffing, ifuna wakisi cabe" ndiye amene madalaiva a Yango ndi a taxi adzayamba kuuzana za iye.

Dzanja nalonso limaononga likakhala losasamala. Zokandika zambili zimene timathamangitsa ndi mashini zimabwela pocapa: baketi imodzi ya madzi amatope, nsalu imene yapukuta matayala kenako n'kupita pa boneti, kupukuta fumbi la August motoka ili youma. Sopo wocapila zovala kapena mbale amacotsa wakisi msanga. Njila yabwino si yovuta. Thilani madzi poyamba kuti mcenga utsike. Khalani ndi mabaketi awili, ya sopo wa motoka ndi yotsukila nsalu. Matayala akhale ndi nsalu yawoyawo. Imikani pa mthunzi, penti izizile. Pakani wakisi pang'ono kwambili, citseko cimodzi pa nthawi, dikilani ayele ngati nkhungu, pukutani ndi nsalu ya microfibre youma. Onani botolo musanagule, cifukwa lolembedwa kuti cleaner wax lili ndi zopala pang'ono. Madzi akaleka kupanga timadontho tozungulila pa boneti, nthawi yopakanso yakwana.

Tsono wina akakuuzani za buffing, mufunseni mafunso atatu. Penti yanga yatsala ma micron angati? Mashini yanu ndi ya mtundu wanji? M'botolo muli compound, polishi kapena wakisi? Akayankha bwino ndipo motoka yanu ifunikadi, mulipileni bwino, ndi mmisili. Akayamba kuseka n'kunena kuti "musadandaule boss, izawala," muuzeni acape cabe, wakisi mukapake nokha kunyumba pa Sondo.