MKAMWINI WALOWA NCHITO YA UGEMU

M'mudzi wina wa m'dziko la Mfumu Mnkhanya, kufupi ndi mseu waukulu wocokera ku Chipata kupita ku Mfuwe, muli nyumba ya njerwa zosaocha imene citseko cake cimatseguka tambala woyamba atangolira. Mwini nyumba amatuluka atabvala yunifomu yobiriwira ndi nsapato za jombo, cola ciri kumsana. Mkazi wake amamperekeza kufika pa mtengo wa mango wa kumapeto kwa bwalo, osapitirira pamenepo, pakuti nthawi imeneyo ndiyo imene njobvu zimakhala zikubwerera kuthengo kucokera m'minda. Bamboyo akapita motero saonekanso kufikira atatha masiku khumi. Maina a banjali sachulidwa muno cifukwa nkhani yao ikhudza abale amene akali kudyera m'mbale imodzi.

Bamboyu ndi mmodzi wa alonda a nyama a m'midzi, amene anthu a m'cigwa ca Luangwa amangowachula kuti agemu, osawasiyanitsa ndi asilikali a boma amene amatsogolera magulu ao kuthengo. Sukulu analekezera Giredi 9 cifukwa ca kusowa ndalama, ndipo kwa zaka zingapo anali kulima thonje ndi kuumbira anthu njerwa. Pamene bungwe la anthu a m'dera loyang'anira zacilengedwe, lija lochedwa Community Resources Board, linalengeza kuti lifuna anyamata, iye anakalembetsa, napambana mayeso a kuthamanga ndi a kulemba. Tsiku limene mau anafika kuti wasankhidwa, mkazi wake anaimba nthungululu ndipo apongozi ake anapha nkhuku. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene anakumbukira mau a akale aja akuti walira mvula walira matope.

Nzeru yakuti mwini dziko akhale ndi mbali pa kusunga nyama siyacilendo pakati pa Akunda. M'caka ca 1950 Mfumu yaikulu Nsefu inabvomerezana ndi Norman Carr kupatula cigawo ca dziko lake kuti nyama zikhalemo mosasakidwa, ndipo ndalama zimene alendo odzaona nyama anali kulipira zinali kupita kwa eni dziko. Paki ya South Luangwa, ya masikweya kilomita 9,050, inakhazikitsidwa mu 1972, ndipo caka cotsatira ciwerengero ca pa ndeke cinapeza njobvu zoposa 80,000 m'cigwa conse. Zaka khumi ndi zisanu zisanathe ocita malonda a minyanga anali atapha unyinji wa njobvuzo, ndipo cipembere anacitheratu, kotero kuti mu 1998 kunalengezedwa kuti m'Zambia mulibenso cipembere cakuda. Zimene ziri ku North Luangwa lero zinayamba kubweretsedwa mu 2003 kucokera ku South Africa. Tsoka limenelo linaphunzitsa boma kuti mlonda wocokera kutali, amene anthu amambisira njira ndi maina, sangakwanitse yekha. Cotero ca kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 nchito ya ADMADE inayamba kuphunzitsa ana a m'midzi ku Nyamaluma, m'dera la Lupande lomwelo, ndipo lamulo la 1998 linakhazikitsa mabungwe aja amene amawalemba nchito.

Maphunziro a bamboyu anatenga miyezi itatu. Za mapazi a nyama sizinambvute, pakuti anakula akutsatira amalume ake amene anali mlenje wodziwika. Amadziwa kusiyanitsa phazi la fisi ndi la mmbulu, ndipo akaona ndowe za njati amanena ngati ndi za usiku womwewo kapena za dzana. Cimene cinamtulutsa thukuta ndi colembera. Mlonda wa masiku ano amanyamula kabuku ndi kamakina ka GPS kamene kamaonetsa manambala a malo amene munthu waimapo. Ciri conse cimene gulu lapeza, kaya ndi msampha, nyama yakufa, msasa wa opha nyama kapena kulira kwa mfuti, ayenera kucilemba m'Cingerezi pamodzi ndi nthawi yake ndi manambala aja. Zolembedwazo ndizo zimakhala umboni kukhoti. Nambala ikalakwika mlandu ungathe kugwa, ndipo masiku khumi a kulumidwa ndi akashembe apita pacabe.

Ana a sukulu amaganiza kuti ugemu ndi kuomberana mfuti tsiku ndi tsiku, koma nchito yeniyeni ndi kuwerama. Alonda amayenda mondondozana m'tinjira ta nyama topita kumadzi, maso ali pansi, kufunafuna mawaya. Wochera waya amafuna nswala kapena nseula ya ndiwo, koma waya sasankha. Nthawi zina amakola mkango, mmbulu, citamba ca mwana wa njobvu, kapena mwendo wa nyamalikiti, ija ya mtundu wa Thornicroft imene kwao ndi m'cigwa ca Luangwa mokha. Nyama zambiri zimaolera pa msampha pomwepo cifukwa mwini waya wacedwa kukazonda, ndipo odyerera amakhala miimba.

Koma mtolo wolemera wa nchitoyi uli pamutu pa mkazi, amene dzina lake siliri m'buku la malipiro. M'miyezi ya Febuluwale ndi Malichi, cimanga cikamakhwima, anthu a m'cigwa sagona m'nyumba. Amagona m'zilindo kumunda, zitini ndi moto ziri pafupi. Kale mwamuna ndiye anali kulinda, koma caka cino mzimaiyu analinda ndi amai ake okalamba, mwana wamng'ono ali kumsana. Usiku wina njobvu zinalowa m'minda itatu yoyandikana. M'mawa mwake ku citsime mzimai wina, amene anabvinidwa naye cinamwali cimodzi, anati kwa iye pamaso pa onse: "Amai a gemu, ng'ombe za amuna anu zatimaliza usiku. Akabwera muwauze adzatilipire." Azimai ena anaseka, ena anayang'ana kumbali. Iye anangosenza ndowa yake nacoka, osanena kuti munda umodzi mwa itatu ija unali wake.

Pa ici anthu a m'midzi sadandaula pacabe. Lamulo la nyama zakuthengo la 2015, limene linathetsa ZAWA ndi kubwezera nchito m'manja mwa dipatimenti ya boma, silinaikemo cipepeso ca ndalama kwa mlimi amene munda wake wadyedwa. Munthu akapezeka ndi mwendo wa mbawala lamulo limayenda mofulumira, koma njobvu ikadya cakudya ca banja ca caka cathunthu kumabwera munthu wodzalemba lipoti basi. Akuluakulu amene amakonza malamulo ali ku Lusaka, kutali. Amene ali pafupi, amene angathe kulozedwa cala pa citsime, ndi mkazi wa mlonda.

Mzimaiyu sanakhale manja lende. Analowa gulu la alimi amene alangizi a mabungwe osamalira nyama, monga la Conservation South Luangwa, amawaphunzitsa kuchinjiriza minda ndi tsabola wowawa uja wa mphiripiri. Tsabola wouma amamsinja, amamsakaniza ndi ndowe za njobvu zomwezo, naumba ngati njerwa ndi kuyanika. Madzulo amaziyatsa m'mphepete mwa munda, kumbali kumene kucokera mphepo, ndipo zimafuka pang'onopang'ono kwa nthawi yaitali. Citamba ca njobvu cimamva fungo koposa mphuno ya galu, cotero utsi umenewu siciupirira. Ena amapaka tsabola wosakaniza ndi mafuta akutha a injini pa zingwe zozungulira munda. Awerengi asayese kuti ndi mankhwala osalephera. Njobvu yanjala kwambiri imazungulira kufuna polowera, ndipo mphepo ikatembenuka pakati pa usiku, amene amatsokomola ndi kulira misozi ndi a m'cilindo. Komabe munda wa mzimaiyu unatsala ndi cokolola, ndipo tsabola amene anabzala m'mbali anagulitsako, pakuti ndi mbeu imene njobvu siidya.

Panali cinthu cinanso cimene cinali kumdya mumtima. Malipiro a mwamuna amabwera pa lamya ya m'manja, ndipo mwamunayo akakhala kuthengo mkazi anali kupereka lamyayo kwa mnyamata wa pa kasitolo kuti amuwerengere uthenga. Dzuwa lisanalowe mudzi wonse unali utadziwa kuti kunyumba ya agemu kwalowa zingati. Iye sukulu analekezera Giredi 3, ndipo zilembo zinali zitamthawa. Tsopano amapita ku sukulu ya akuluakulu katatu pa sabata, ana akaweruka, nakhala pa mabenchi omwewo amene mwana wake wamkazi amakhalapo m'mawa. Masiku amene bambo ali pakhomo, atatuwa amakhala pa mphasa imodzi pansi pa nyale ya sola. Bambo amaloweza ndime za lamulo, mai amalemba maina a masiku a sabata, ndipo mwana wa Giredi 4 ndiye mphunzitsi wa onse, wokalipa ndithu.

Munda sanauleke ngakhale mwamuna anati acepetseko. Malipiro a alonda a m'midzi amadalira ndalama za alendo osaka nyama ndi cilolezo ndiponso thandizo la mabungwe, ndipo nthawi zina amacedwa. Mzimaiyu akukumbukira bwino caka ca 2020, pamene mliri wa COVID-19 unatseka njira za alendo, misasa ya alendo ku Mfuwe inakhala yopanda anthu, ndipo ophika, ocapa ndi oyendetsa magalimoto anabwerera ku makasu.

Ciyeso cacikulu cinafika m'cilimwe. Akunda, monga Acewa, amatsata mbumba ya kucikazi, ndipo bamboyu ali pa cikamwini. Malo amene anamangapo nyumba ndi a apongozi ake, ndipo mlongo wa mkazi wake ndiye malume wa ana ake, munthu amene mau ake amalemera pa ukwati ndi pa maliro. Tsiku lina gulu linazula mawaya khumi ndi anai pafupi ndi thawale. Bamboyu atagwira waya woyamba anazizidwa nkhongono. Mfundo yake inali yopota kawiri ndi kukulungidwa ndi mphira wa cubu ca njinga, ndipo iye anadziwa munthu mmodzi yekha amene amamanga motero, pakuti ndi mmene mlamu wake amamangira citseko ca khola la mbuzi. M'kabuku analemba zoona zokha: mawaya khumi ndi anai, malo akuti, mwini sanapezeke.

Atabwerera kunyumba nsima anangoitsina kawiri. Usiku ana atagona anauza mkazi wake. "Amake mwana, ulendo uno tapeza waya wopanda mwini. Tsiku lina tidzapeza mwini ataima pomwepo, ndipo ine sindiyenda ndekha. Ndikadzawamanga alamu, ndidzalowa bwanji m'mudzi muno? Ndikadzawasiya, yunifomu ndidzaibvula tsiku lomwelo."

"Abambo ake, inu khalani cete," anayankha mkaziyo. "Mkamwini sadzudzula mwini mbumba. Nkhaniyi isiyeni m'manja mwanga."

Sanapite kwa mlongo wake mwacindunji. Anayamba wauza amai ake, ndipo amaiwo anaitana mcimwene wao wamkulu, amene ali nyakwawa ya mudzi. Anakhala pansi kuseri kwa nkhokwe, mkamwini palibe. Mlamu uja sanakane. Anati munda wake unali umodzi mwa itatu ija, nchito za ku misasa ya alendo zimafuna a Giredi 12, ndipo ana ake sadziwa kuti nyama ya m'sitolo imakoma bwanji. "Alamu amadya kumapeto kwa mwezi uli wonse," anatero. "Nanga ine ndidye kuti?" Funso limeneli silopusa, ndipo amene amakamba za kusunga nyama ali m'maofesi ayenera kulimva monga linafunsidwira. Anyakwawa anamkumbutsa kuti cibale ndi fupa, siciola, koma ndende simadziwa cibale. Anamuuzanso za bungwe la COMACO, limene kuyambira mu 2003 limalandira mawaya ndi mfuti kwa anthu osiya kusaka, kuwaphunzitsa ulimi ndi kuweta njuci, ndi kuwagula mpunga, nshawa ndi uci zimene zimagulitsidwa m'masitolo ndi dzina la It's Wild!

Patapita sabata ziwiri mlamuyo anapereka mawaya asanu ndi anai, nalembetsa m'gulu la alimi. Mlongo wake, amene anali kuona mtolo wa mawayawo uli pa tsindwi la khichini kuyambira kale, akuti unali wokulirapo kuposa pamenepo, koma sananene kanthu. Kufikira lero alamu awiriwa amapatsana moni wa pakamwa cabe, ndipo pa mowa sakhala mbali imodzi. Koma mwana wamwamuna wa mlamuyo ndiye amathamangira kukalandira cola ca agemu akamatulukira pa mseu, ndipo atate ake samletsa.

Tsopano ndi mwezi wa Okutobala, dzuwa la m'cigwa likuocha ngati ng'anjo, ndipo mango ayamba kukhwima. Mu Novembala njobvu zimalowa m'midzi mwenimweni kutsata fungo lake. Bambo anafuna kudula mtengo uja wa kumapeto kwa bwalo, koma mkazi anakana pakuti anaubzala ndi ambuye ake. Anagwirizana kuti azithyola mango onse asanapse ndi kuwabisa m'nyumba m'madengu. Bamboyo walembetsa mayeso a GCE kuti mwina m'tsogolo angalowe nchito ya boma yeniyeni, ndipo mabuku amapita nao kuthengo atawakulunga m'pulasitiki.

Sabata yatha, gulu lao litakwera pa citunda pamene lamya imagwira, analandira uthenga woyamba wolembedwa ndi dzanja la mkazi wake, wopanda thandizo la mnyamata wa pa kasitolo. Unali wa mizere itatu: "Njobvu zinabwera zitatu. Nkhokwe iri bwino. Pobwera mugule mcere."