Utsi wa pachipata cha Mwanza ufunika sikelo

Thiraki zikandanda pachipata cha Mwanza kudikira mapepala olowera ku Zobue m'dziko la Mozambique, zina zimakhala zikulira injini. Utsi wa dizilowo umakumana ndi wa mbaula za ophika, wa ng'anjo za makala m'mapiri komanso wa moto wolusa wa m'chilimwe. Amene amaupuma tsiku lonse ndi amayi ogulitsa manachesi m'mbali mwa msewu wa M6, pamodzi ndi ana ali kumsana.

Choopsa kwambiri mu utsiwu sichioneka ndi maso. Ndi tinthu totchedwa PM2.5, tochepa ka 30 poyerekeza ndi kunenepa kwa tsitsi limodzi. Timalowa mpaka mkati mwa mapapo ndi m'magazi, n'kuyambitsa chibayo, mphumu, matenda a mtima ndi sitiroko. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO likuti mpweya woipa umapha anthu pafupifupi 7 miliyoni pachaka, ndipo mu 2021 lidalangiza kuti tinthuti tisamapose mamaikulogalamu 15 pakiyubiki mita iliyonse ya mpweya patsiku.

Kale kuyeza izi kunkafuna makina a ndalama zankhaninkhani. Lero kuli timakina tokwana m'manja togwiritsa ntchito kuwala kwa laser. Kafani kamakoka mpweya n'kuudutsitsa pakuwalako. Fumbi likadutsa, kuwala kumamwazika monga muja dzuwa limaonetsera fumbi likalowera pabowo la denga, ndipo makinawo amawerengera kuchuluka kwake. Ku Uganda, akatswiri a AirQo a payunivesite ya Makerere amapanga okha timakina totere ndipo adatimwaza mumzinda wa Kampala.

Timakinati tili ndi zofooka zake. Kukachita nkhungu timakweza manambala, timafuna magetsi ndi netiweki, ndipo sitinena ngati utsiwo ndi wa thiraki kapena wa mbaula. N'chifukwa chake timayenera kuyerekezedwa ndi makina akuluakulu kawirikawiri.

Komabe nambala ili ndi mphamvu kuposa dandaulo. Lamulo la zachilengedwe la 2017 lidakhazikitsa bungwe la MEPA kuti lizilondoloza zoononga chilengedwe, kuphatikizapo mpweya. Bungweli ndi khonsolo ya Mwanza ataika kamakina pachipata, kena pamsika, kena pachipatala, zingadziwike kuti utsi umachuluka nthawi yanji komanso mwezi uti. Pamenepo kulamula madalaivala kuzimitsa injini podikira, kapena kusuntha malo ogulitsira malonda, kungakhale ndi umboni woti aliyense auone.